Chilombo Chili Pakhonde: Kalembedwe ka Nkhani ya Nthumanzi ya M'nthawi ya Atsamunda

Nkhani yanga yoyamba ya m'nthawi ya atsamunda ndinaiyamba ndi ng'oma. Usiku, mzungu ali pakhonde ndi nyali, kuseri kwa phiri ng'oma zikulira, agalu akuuwa, mkazi wake wafungatira mwana. Ndinalemba masamba asanu ndi atatu, kenako ndinapereka kwa mayi wina wachikulire amene bambo ake anagwira ntchito m'nyumba ya azungu zaka zambiri. Anawerenga ali phee, magalasi ali pamphuno. Atamaliza anandibwezera mapepala aja n'kundifunsa kuti, "Mwana wanga, ng'omazi zikuopsa ndani? Ife ng'oma ikalira timangofunsa kuti kwagwanji. Bambo anga chimene chinkawaumitsa thupi ndi belu."

"Belu lanji, amayi?"

"Kabelu kapatebulo. Kakalira kawiri mofulumira, ankadziwiratu kuti m'nyumbamo mwasowa kanthu."

Masamba aja ndinawang'amba. Zimene ndikuuzeni pano ndi zimene ndinaphunzira poyambiranso, ndipo ndikulembera inu amene mukufuna kupeka nkhani yoti wowerenga mtima ukhale m'mwamba mpaka tsamba lomaliza, nkhaniyo ili yokhudza tsankho ndi mtima wa atsamunda.

Musanalembe chiganizo ngakhale chimodzi, dzifunseni kuti manthawo ndi a yani. Nkhani zambiri zimene atsamunda ankalemba okha zinkayenda njira imodzi: mzungu ali powala, ali ndi dzina, mkazi ndi maganizo; anthu akuda ali mumdima, alibe nkhope, amangomveka mapazi ndi manong'onong'o. Tinaziwerenga, tinazionera pakanema, zinatilowerera. N'chifukwa chake munthu ungathe kulemba nkhani yodzudzula atsamunda uku ukuopa ndi mtima wa mtsamunda, osadziwa n'komwe. Ine ndi zimene zinandichitikira.

Sindikuti mzungu asachite mantha m'nkhani yanu. Ankachitadi mantha, ndipo mantha amenewo ndiwo chida chanu chachikulu. Chofunika ndi kuwaika pamalo pake. Munthu amene kumbuyo kwake kuli mfuti, apolisi, khoti ndi bwanamkubwa akachita mantha, amene amalira ndi wina. Ku Kenya, m'zaka za Mau Mau, gulu la anthu akuda limene linaukira ulamuliro wa Britain, kuyambira Okutobala 1952 mpaka kumayambiriro kwa 1960, azungu wamba amene anaphedwa anali 32. Anthu akuda amene boma linawanyonga atazengedwa milandu anali 1,090, osawerengera zikwi zimene zinafera m'nkhalango ndi m'misasa ya akaidi. Ku Nyasaland, boma linakhulupirira nkhani ya akazitape yoti pamsonkhano wa Congress, chipani cha anthu akuda cholimbana ndi atsamunda, umene unachitikira kutchire pa 25 Januwale 1959 anapangana zopha azungu onse. Pa 3 Malichi bwanamkubwa Robert Armitage analengeza State of Emergency, lamulo lopatsa boma mphamvu zomanga anthu popanda kuwazenga mlandu. Anthu opitirira 1,000 anatsekeredwa, pafupifupi 50 anaphedwa, ena mwa iwo padoko la Nkhata Bay, ndipo mzungu sanafe ndi mmodzi yemwe. Woweruza Patrick Devlin atafufuza anapeza kuti mawu a ziwawa analankhulidwadi, koma chiwembu chija monga mmene boma linachifotokozera panalibe, ndipo lipoti lake linatchula Nyasaland kuti lasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Ikani ziwerengero zimenezi patsogolo panu polemba. Chilombo cha m'nkhani yanu sichili kuseri kwa phiri. Chakhala pakhonde, chikunjenjemera, chala chili pamfuti.

Tsono sankhani maso amene tionere nkhaniyo. Ine ndimakonda munthu wokhala pakati, amene amalowa m'nyumba ya bwana masana n'kukagona kwa anthu a mtundu wake usiku: wantchito wa m'nyumba, mlezi wa mwana, kalaliki, mesenjala wa boma, womasulira kukhoti, msilikali wachikuda. Munthu wotere amadziwa zambiri, ndipo kudziwa kwakeko ndiko kumamuika pangozi. Mbali zonse ziwiri zimamufuna, mbali zonse ziwiri zimamukayikira.

Ndikupatseni chitsanzo cha nkhani imene ndinalemba nditasiya ng'oma zija, chifukwa malangizo opanda chogwira amauluka. Mpangankhani wanga ndi bambo wa zaka zoposa 50, wantchito wa m'nyumba pa esiteti ina, mu Febuluwale 1959. Bwana wapita ku tauni, abwera Lachisanu. Chiyambire mphekesera za chiwembu, dona wayamba mwambo watsopano: madzulo alionse amawerenga zipolopolo za m'bokosi. Tsiku lina chimodzi chasowa. Bamboyu akudziwa amene watenga, chifukwa anaona kamwana ka bwana, ka zaka zisanu ndi ziwiri, kakuchibisa m'sokosi. Akanena, ndiye kuti waneneza mwana wa mzungu za kuba, ndipo mawu ake alimbana ndi misozi ya mwanayo. Akakhala chete, m'nyumba monse munthu wakuda wogwira makiyi ndi iye yekha. Nkhani yonse yagona pa kanthu kotalika ngati chala.

Onani kuti sindinafune mtembo, mfiti kapena gulu la anthu a mikondo. Pezani chinthu chimodzi chaching'ono, chogwirika ndi manja, chimene m'dziko lopanda tsankho sichikanakhala nkhani konse. Chipolopolo chosowa m'nyumba ya anthu ofanana ndi nkhani ya mphindi ziwiri: "Mwanayu watenga, mulandeni." Chimasanduka imfa chifukwa cha lamulo losalembedwa loti mawu a munthu uyu ndi opepuka kuposa a uyo. Mukapeza chinthu chotere, simudzafunikanso kulalikira za tsankho, pakuti tsankholo ndilo likuyendetsa nkhani. Mbiri yadzaza nazo zinthu zimenezi. Chitupa chimene munthu ankayenda nacho ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa, choti chikatayika kapena chikasowa sitampu wagona m'chitokosi. Kachitini kamene amuna a ku Kenya ankavala m'khosi, kotchedwa kipande, mkati muli zidindo za zala ndi mbiri ya ntchito yolembedwa ndi bwana. Tikiti ya pa esiteti imene kapitawo akaiwala dala kuchonga, tsiku lonse lapita pachabe. Chipewa: pamene boma linkafufuza chimene chinayambitsa kuukira kwa John Chilembwe mu 1915, mboni zachikuda zinadandaula za kukakamizidwa kuvula chipewa pamaso pa mzungu aliyense. Taganizani munthu wovala suti akuyenda mumsewu, mzungu akubwera kutsogolo, mtunda ukuchepa, ndipo iye watsimikiza mumtima kuti lero savula. Mapazi makumi awiri amenewo angakupatseni tsamba lathunthu.

Apa ndifotokoze kusiyana kwa kudzidzimutsa ndi nthumanzi, chifukwa olemba ambiri oyamba amazisokoneza. Kudzidzimuka kumatha pakamphindi: chitseko chatseguka mwadzidzidzi, basi. Nthumanzi ndi kudikira choipa chimene ukuchiona chikubwera koma ulibe pothawira. Kuti ibadwe, wowerenga ayenera kudziwa kanthu msanga. Musamabise zonse poganiza kuti chinsinsi ndicho chimakoka munthu. M'nkhani yanga wowerenga amaona mwana akutenga chipolopolo pa tsamba lachiwiri. Kuchokera pamenepo, kulira kulikonse kwa kabelu kumamubaya. Akuluakulu anati chakudza sichiyimba ng'oma, ndipo kwa ampangankhani anu zikhaledi choncho. Koma wowerenga yekha mumunong'oneze.

Mantha enieniwo musawatchule dzina. Chiganizo choti "anachita mantha kwambiri" sichiopsa munthu. Onetsani zimene maso ake akuona, ndipo pamene mtima ukuthamanga inu chedwani. Ndime imene ndinailemba kambirimbiri ndi iyi:

Dona anakhuthulira zipolopolo patebulo n'kuyamba kuzindandalika zisanuzisanu. Iye anaima pakhomo, thaulo lili pamkono. Mizere inayi inakwana. Wachisanu unathera pa zinayi. Dona anasuzumira m'bokosi, analigwedeza, anawerama kuyang'ana pansi pa tebulo. Dona sanamuyang'ane bamboyo. Anaphwasula mizere ija n'kuyambanso kuwerenga, milomo ikugwedera.

Mawu amene anyamula ndimeyi ndi akuti sanamuyang'ane. Dona akanakuwa, nthumanzi ikanatha pomwepo. Chete ndiye amalemera. Ziganizo zifupikitseni pamalo otere, ndipo ikani m'manja mwa mpangankhani ntchito yoti azichita, kupukuta, kupinda, kutsegula zenera, chifukwa wantchito saloledwa kuima chabe ngakhale miyendo itafooka.

Tibwere kwa munthu watsankho, amene ambiri timamulemba molakwika. Musamupatse nyanga. Mzungu wongotukwana ndi kumenya kuyambira tsamba loyamba amatopetsa, ndipo amapatsa wowerenga mpata wodzitonthoza kuti tsankho ndi matenda a anthu ankhanza okha. Woopsa kwambiri ndi waulemu uja. Dona wanga amapatsa bamboyu mankhwala mwana wake akadwala. Amauza alendo kuti, "Boyi wathu ndi wokhulupirika, ali ngati wa m'banja." Koma bambo wa imvi akutchedwa boyi, dzina limene akuitanidwa nalo si lake chifukwa lenileni dona anati n'lovuta, ndipo zaka zonsezi dona sanapondepo m'kanyumba kakuseri kuja. Chifundo chake n'chenicheni, koma chili ngati cha munthu pa chiweto chake. Tsiku limene chiweto chaoneka ngati chingalume, chifundo chimatembenuka msanga kuposa chidani, chifukwa pamabwera kuwawidwa mtima: "Ine ndakuchitira zonsezi." Mphindi ya kutembenukako ndiyo pachimake pa nkhani yanu, choncho ikonzereni njira kuyambira pachiyambi.

Mupatseninso zifukwa zoopera zimene iye akuziona kuti n'zomveka. Dona wanga ali yekha ndi mwana pa esiteti yakutali. Ali ndi makalata a mchemwali wake wa ku Kenya. Pa wailesi akumva za chisokonezo, ndipo asilikali ochokera ku Southern Rhodesia ayamba kutera ndi ndege. Sakupenga. Chimene sakutha kuona n'chakuti munthu amene waima pakhomoyo akuopa kuposa iye, ndipo ali ndi chifukwa chachikulu. Wowerenga akamumvetsa dona uku akumuopa, mwakhoza.

Anthu akuda nawo musawasandutse angelo. Ulamuliro wa atsamunda unkayenda ndi manja a anthu akuda ambiri: kapitawo wa chikoti, mesenjala wosaka osakhoma msonkho, wapolisi, kazitape wolipidwa. M'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, dzina loti kapirikoni, lochokera ku bungwe la Capricorn Africa Society, linasanduka chitonzo cha munthu wogulitsa anzake, ndipo kungolozedwa chala kunali kokwanira kuti ukhale pangozi. Mpangankhani wanga akachoka kwa dona amakumana ndi mwana wa mlongo wake, mnyamata wa Congress, amene amamufunsa kuti, "Malume, mfuti za bwana wanu zilipo zingati?" Ndiye kuti alibe kopumira. Khoma likhale mbali zonse.

Chinenero chathu chili ndi chida chimene olemba m'Chingerezi alibe, ndipo ndimadandaula ndikaona tikuchisiya. Tili ndi iwe ndi inu. Kamwana ka zaka zisanu ndi ziwiri kakanena kwa bambo wa imvi kuti "Iwe, bwera kuno," wowerenga wa Chichewa wamva zonse popanda ndemanga yanu. Bwana wanu alankhule Chinyanja cholamula chokhachokha, "tenga, fulumira, choka," chifukwa ndi chimene anaphunzira. Ndiyeno tsiku lina, pamene akufuna kuti wantchito aulule maina a anthu opita kumisonkhano, amuitanire pampando n'kunena kuti "inu". Wowerenga tsemwe limugwira, chifukwa ulemu wadzidzidzi umenewo ndi msampha. Komanso kumbukirani kuti wantchito amamva Chingerezi kuposa mmene amaonetsera. Azungu amakamba za iye ali pomwepo, ngati akukamba pamaso pa kabati. Iye amamva kuti apolisi aitanidwa mawa, ndipo nkhope yake siyenera kusintha ngakhale pang'ono, apo ayi aulula kuti zaka zonsezi wakhala akumva.

Ngati nkhani yanu ifika kubwalo la milandu kapena ku ofesi ya boma, musaphonye womasulira. Pali anthu atatu: wofunsa, woyankha, ndi wapakati amene yekha akumva zonse. Wowerenga amve yankho lenileni, kenako amve zimene zamasuliridwa. Wapakatiyo angafewetse mawu kuti apulumutse munthu, angawanole kuti amumize, ndipo nthawi zonse akuopa kuti mwina m'chipindamo muli mzungu wina, mwana wa mmishonale, amene akumva chinenerocho bwinobwino.

Mawu onyoza mtundu muwagwiritse ntchito mosamala. Amodzi, pamalo oyenera, kuchokera pakamwa pa munthu amene wakhala waulemu nthawi yonse, amapweteka kuposa makumi awiri omwazika. Ndipo akatuluka, maso anu akhale pa amene wawalandira.

Mphekesera ndi nkhuni za nkhani yotere, ndipo zinkayaka mbali zonse ziwiri. Azungu kumakalabu awo ankanong'onezana za malumbiro a usiku ndi za antchito othira poizoni. Anthu akuda ku Kenya ndi Tanganyika ankakamba za wazimamoto, ozimitsa moto amene amati ankapopa anthu magazi; ku Northern Rhodesia ankati banyama. Musaseke mphekesera zimenezi m'nkhani yanu, ndipo musazilembe ngati umbuli. Anthu ankaona anzawo akukwezedwa m'malole osabwerera, ankatengedwa magazi popanda wowafotokozera chifukwa. Mphekesera inali njira yotchulira chinthu chimene ankachimva m'thupi. Kusiyana kwake n'kwakuti mphekesera ya kukalabu inkatha kufika patebulo la bwanamkubwa n'kusanduka lamulo. Mukaika ziwirizi moyandikana, mutu uno iyi, mutu winawo iyo, wowerenga aona yekha.

Pali mantha ena amene ndimawatchula mosamala chifukwa ndi olemera. Ku Southern Rhodesia, mu 1903, anakhazikitsa lamulo lolola chilango cha imfa pa mlandu woyesa kugwirira, ndipo chimene chinalikoka ndi mantha a azungu pa amuna achikuda. Analetsanso mkazi wachizungu kugonana ndi mwamuna wachikuda, pamene mwamuna wachizungu wochita zomwezo ndi mkazi wachikuda lamulolo silinamukhudze. Tsono ganizani wantchito wamwamuna amene waitanidwa kuchipinda cha dona kuti akakonze zenera, mphepo n'kutseka chitseko. Palibe chimene chachitika. Koma iye akudziwa kuti kukuwa kumodzi kungamufikitse pachingwe. Mbali inayo, mtsikana wantchito amene bwana akumuyang'anitsitsa alibe khoti loti akadandauleko. Mukalemba zimenezi, musazisandutse zokometsera nkhani. Zilembeni kuchokera mkati mwa amene ali pangoziyo.

Nthumanzi imafuna wotchi. Wowerenga adziwe kuti nthawi ikutha, ndipo adziwe tsiku lake. Wotchi yanga yaing'ono ndi Lachisanu, tsiku lobwera bwana. Yaikulu ndi mbiri yeniyeniyo. Ndinangolemba deti pamwamba pa mutu uliwonse: 24 Febuluwale, 26 Febuluwale, 1 Malichi. Amene amadziwa zimene zinachitika Lachiwiri pa 3 Malichi amawerenga madetiwo ngati mapazi a munthu akubwera kumbuyo. Mungachite chimodzimodzi ndi Loweruka la pa 23 Januwale 1915, usiku umene anthu a Chilembwe anafika ku Magomero n'kupha William Jervis Livingstone, woyang'anira esiteti ya A. L. Bruce, koma osavulaza akazi ndi ana. Mungachitenso ndi 21 Malichi 1960 ku Sharpeville, ku South Africa, pamene apolisi anaombera anthu okana chitupa, boma n'kuwerenga akufa 69. Pempho langa ndi limodzi: anthu enieni a m'mbiri akhale m'mphepete mwa nkhani. Amveke pa wailesi, adutse pagalimoto, atchulidwe ndi ena. Musaike m'kamwa mwa Chilembwe kapena Armitage mawu amene mwapeka, chifukwa owerenga ena adzawatenga ngati mbiri.

Za nkhanza, ndimalangiza kudziletsa. Chikoti chinalipo, ndende zinalipo, ndipo kubisa ndi bodza. Koma mukafotokoza bala lililonse, thupi la munthu wakuda limasandukanso choonera, monga mmene linalili m'nkhani zakale zija. Njira imene yandithandiza ndi kuika chilankhulo cha boma pambali pa zimene taona. Tsiku lomwelo la 3 Malichi 1959, kumsasa wa Hola ku Kenya, akaidi 11 anamenyedwa mpaka kufa, ndipo mawu oyamba a boma ananena za madzi amene anamwa. Chilankhulo chotere, chozizira ndi chaudongo, chimaopsa kuposa magazi. Tsekani mutu wanu ndi mzere umodzi wa lipoti lopeka la wapolisi wa m'nkhani yanu, wolemba kuti munthu wagwidwa popanda vuto lililonse, pamene wowerenga wangoona mmene anamukokera mkazi wake akulira.

Izi zikundifikitsa pa kufufuza. Pitani kosungira zolemba zakale, monga ku National Archives ku Zomba, kapena werengani malipoti a nthawiyo amene akupezeka pa intaneti. Koma muziwerenga mukudziwa kuti analemba ndi anthu amantha aja, ndipo si zonse zimene zinasungidwa. Maulamuliro a atsamunda a Britain pochoka anawotcha mapepala ena, ena anakawabisa, ndipo mu 2011 boma la Britain linavomera kuti linali ndi mafayilo zikwizikwi ku Hanslope Park, ku England, pamene okalamba a ku Kenya analisumira kukhoti ku London. Mu 2013 linavomera kulipira anthu 5,228 a ku Kenya amene anazunzidwa m'nthawi ya Mau Mau. Choncho pa lipoti lililonse dzifunseni kuti ndani anali m'chipindamo amene sanalembedwe: amene anatsegula chitseko, amene anamasulira, amene anakolopa pambuyo pake. Mpangankhani wanu ndi ameneyo. Kenako khalani pansi ndi okalamba amene anaona kapena anamva kwa makolo awo. Musawafunse kuti atsamunda anali otani, chifukwa akupatsani yankho la m'buku. Afunseni zing'onozing'ono: ankalowera khomo liti, ankaima pati polandira malipiro, makiyi ankasunga ndani, phokoso limene sanaliiwale ndi liti. Kabelu kaja kanatuluka m'funso lotere.

Mathero ndiwo amandivuta kwambiri, ndipo misampha ilipo iwiri. Woyamba ndi mzungu wabwino amene amatulukira pomaliza kudzapulumutsa wantchito, nkhani yonse n'kukhala yake. Azungu achilungamo analipo, Devlin ndi mmodzi, koma lipoti lake linatuluka mu Julaye, akufa ataikidwa kale m'manda. Wachiwiri ndi kubwezera kokoma, wantchito kulanda mfuti wowerenga n'kuomba m'manja. Kumeneko n'kuvomereza maloto a dona, kuti ankaopa zoona. Mpangankhani wanu asankhe yekha chochita, ndipo kusankhako kumudyere kanthu. Wanga amayesa njira zonse zazing'ono. Amanyengerera mwana kuti abweze, mwanayo amakana chifukwa akuopa mkwapulo wa bambo ake. Amasaka m'masokosi pochapa, osapeza. Lachinayi usiku amaganiza zothawa, koma kuthawa n'kuvomera mlandu, ndipo mkazi wake ndi ana akukhala pamalo a esiteti. Lachisanu amaima pamaso pa bwana n'kunena zoona, akudziwa kulemera kwa mawu ake. Mwana amalira, amakana. Lole imabwera m'bandakucha. Madzulo ake dona amakhuthulanso bokosi patebulo, ndipo mizere isanu yonse imakwana, pakuti mwana wabweza mwakachetechete. Dona amayang'ana zipolopolozo nthawi yaitali. Amazibwezera m'bokosi chimodzichimodzi, amakhoma kabati, n'kuliza kabelu kuti mnyamata watsopano abwere ndi nyali.

Mukamaliza kulemba, werengani mokweza, ndipo chongani paliponse pamene mwafotokozera wowerenga kuti ichi ndi tsankho. Fufutani. Chonganinso paliponse pamene anthu akuda aoneka ngati gulu lopanda nkhope, "anthu a m'mudzi", "antchito", n'kupatsa mmodzi wa iwo chilema cha mwendo, ngongole, kapena mwana wodwala. Kenako perekani kwa munthu amene nkhaniyo ikumukhudza m'magazi.

Ine ndinabwereranso kwa mayi aja. Ulendo uno anawerenga mpaka kumapeto osakweza mutu, ndipo atafika pa mizere isanu ija anavula magalasi n'kukhala kaye chete. Kenako anabwerera pa tsamba lachinayi n'kuloza ndi chala.

"Apa mwalemba kuti nsapato zake zinkalira pakhonde. Nsapato zanji? M'nyumbamo bambo anga sankaloledwa kuvala nsapato. Ankazisiya kukhomo lakuseri."

Ndinafufuta nsapatozo, ndipo mutu wonse wa usiku wa Lachitatu unayenera kulembedwanso. Tsopano bamboyo akamayenda m'nyumba samveka. Dona ali patebulo, wawerama pa zipolopolo zake, ndipo akatembenuka amangopeza munthu waima kale kumbuyo kwake, nyali ili m'manja, akudikira kuuzidwa poiika.